Khansala si banyira wa chisankho

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzi yathuyi ndikambeko za mpando umene tonse timauvotera koma palibe amaukamba, mpando wa khansala. Pa 16 Seputembala 2025 aliyense amene anafika pamalo oponyera voti analandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Kuwerenga kutayamba, makutu onse analoza ku Lilongwe. Anthu anagona ndi wailesi kumutu mpaka bungwe la MEC litalengeza kuti a Peter Mutharika apambana. Za aphungu tinazitsatirako ndithu, chifukwa kugwa kwa nduna kumakoma kumva. Koma za makhansala 509 amene tinawasankha tsiku lomwelo zinangodutsa mwakachetechete. Tumani mtolankhani wanu pamsika uliwonse wa kumudzi, afunse ogulitsa dzina la khansala wawo, adzakuuzeni zimene akamve. Ambiri adzamuyankha ndi mtundu wa nsalu, osati dzina la munthu.

Ine ndine mlimi wa kachewere ndi kabichi kuno ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zingapo ndinali mlembi wa komiti ya chitukuko ya dera, ija timati ADC. Wodi yanga sindiitchula, pakuti sindikulimbana ndi munthu. Ndikulimbana ndi chizolowezi. Munthu akagula chidebe cha tomato pa Lizulu amasankha yekha, kutembenuza, kukana wophwanyika. Koma wogulitsa akaponyamo awiri a banyira, palibe amayang'ana ngati ndi abwino kapena owola. Umu ndi mmene tikumutengera khansala. Timasankha pulezidenti ndi mtima wonse, phungu timamupenda pang'ono, khansala ndiye amangobwera pamwamba.

Chodabwitsa n'chakuti kuno kwathu mpikisano wa zipani ulipo weniweni. Chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, Ntcheu sinakhalitsepo m'khola la chipani chimodzi. Nthawi ya a Muluzi kuno kunali chikasu chokhachokha, moti a Sam Mpasu a UDF anachokera konkuno n'kukakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Atabwera a Bingu kunasanduka buluu. Mu 2019 mwana wa pa Nsipe, malemu Saulos Chilima, atatuluka ndi UTM, midzi inafiira. A MCP nawo sanasiye kugogoda. Wina angaganize kuti pamene zipani zikulimbirana chonchi, anthu a m'wodi ndiye amapindula, popeza chipani chilichonse chiyenera kubweretsa munthu wogwira mtima. Sizili choncho. Mphepo imachokera kumtunda. Chipani cha pulezidenti chikakhala pamoto m'dera, aliyense amene chamuika pa ukhansala amadutsa, kaya ndi munthu wa maso, kaya ndi woti ngakhale msonkhano wa makolo pasukulu sanaupondepo. Mphepo ikatembenuka amagwa, ngakhale atakhala kuti anagwira ntchito yooneka. Ndiye khansala wochenjera amaphunzirapo kuti chomusunga pampando si anthu a m'wodi, koma akuluakulu a chipani.

Azibale athu a ku Dedza, kwawo kwa malemu John Tembo, nkhani yawo ndi ina koma mathero ake ndi amodzi. M'madera amene tambala anakhazikika kalekale, chisankho chenicheni chimachitika pa chipulula, pamene chipani chimasankha wochiimira, ndipo tsiku la MEC limangokhala lotsimikizira. Kum'mwera nako alipo madera otero a chimanga cha DPP.

Kuti anthu aiwale khansala sizinangochitika. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, nthawi ija wailesi inkaimba za mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba a ulamuliro wa zipani zambiri tinawasankha mu Novembala 2000, ndipo ovota anali ochepa kwambiri, pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse olembetsa. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike. Chinangokhalira kusunthidwa, chaka chino, chaka chamawa, mpaka pa 20 Meyi 2014 pamene tinavota patatu koyamba. Zaka 9 dziko lopanda khansala. Mwana amene anali sitandade 1 makhansala akuchoka anawaona akubwerera iye atalowa sekondale. M'zaka zimenezo ife a ADC tinazolowera kunyamula madandaulo athu kupita nawo kwa phungu, kwa mfumu yaikulu kapena kwa DC, ndipo aphungu anazolowera kukhala eni chitukuko, makamaka thumba la chitukuko cha dera la phungu, lija timati CDF, litayamba mu 2006. Ndiye mu 2010, makhansala kulibe, aphungu anasintha lamulo lija. Anachepetsa mawodi, anadzipatsa mphamvu yovota m'khonsolo, ndipo DC anakhala wosankhidwa ndi nduna. Makhansala a 2014 anapeza mipando ya pakhomo pawo atakhalapo kale alendo.

Tsopano ndifike pa chipulula, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimawonongekera. Ndaonererapo zipulula za zipani zosiyanasiyana pabwalo la sukulu ya kwathu, ndipo kusiyana kwake ndi nyimbo basi. Ovota si anthu onse a m'wodi, ndi nthumwi za makomiti a chipani a m'madera. Mndandanda wa nthumwizo uli m'chikwama cha akuluakulu a chipani, ndipo umatha kutalika kapena kufupika usiku umodzi. Opikisana amaima kutsogolo, nthumwi n'kumandanda kumbuyo kwa amene zikumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Tandiuzani, mayi amene dzulo lake analandira nsalu ndi ya sopo kwa wopikisana, ndipo mwamuna wake amagwira maganyu m'dimba la munthu yemweyo, angakaime kumbuyo kwa wina? Iyayi. Amakaima kumene anadya, mtima uli kwina.

Koma chachikulu ndi ichi. Wofuna ukhansala kawirikawiri alibe mpamba. Ndi mlimi ngati ine, wa kagolosale, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma. Kampeni imafuna mafuta a njinga yamoto, chimkuzamawu, zithunzi zomata m'mitengo, chakudya cha mamonitala tsiku lovota. Ndalama zimenezo ali nazo ndi wofuna uphungu, amene nthawi zambiri wachokera m'tauni ndi galimoto zake. Ndiye amasankha yekha anthu oyenda nawo m'mawodi a dera lake, amawalipirira ya kalata ya ku MEC, amawakweza pa lole yake, ndipo pamsonkhano amawaimika mphindi ziwiri kuti akweze dzanja. "Uyu ndi mnyamata wanga, musamuiwale." Mawu amenewo ndawamva ndi makutu anga, akunenedwa kwa bambo wa imvi, wamkulu kuposa wolankhulayo. Onse awiri akapambana, mukuganiza kuti mnyamatayo angadzuke m'khonsolo n'kufunsa chifukwa chimene mlatho wa abwana ake wang'ambika mvula yoyamba? Amene anakulipirira amakutsekanso pakamwa.

Panali mayi wina kwathu, wapampando wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu. Anabweza ana angapo ku maukwati, ankadziwa mjigo uliwonse wakufa m'wodi monse, ndipo pa misonkhano ya ADC ankabwera ndi kabuku kolembamo zimene tinagwirizana ulendo watha, zimene zinkatisowetsa mtendere enafe. Anthu anamupempha kuti aime. MEC imachita bwino kuwatsitsira amayi ndalama ya kalata ndi theka, ndipo theka limenelo amayi anzake a banki m'khonde anamusonkhera. Koma pa chipulula anamuuza kuti ngwachilendo m'chipani, sanavinepo pamsonkhano wa abwana, ayambe kaye wadikira. Anadutsa wina. Mayiyo anabwerera ku gulu lake ndipo mpaka lero akugwira ntchito ya ukhansala popanda dzina lake.

Tikamvetsera zimene ofuna ukhansala amalonjeza, timaona kuti ambiri ntchito yawo saidziwa, kapena akudziwa kuti ife sitiidziwa. Wina amati adzatsitsa mtengo wa feteleza. Wina amati adzawonjezera maina pa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Wina, mopanda manyazi, amati adzamaliza msewu wa Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza, msewu umene maboma angapo aulonjeza n'kuusiyira anzawo. Izi ndi nkhani za ku Capital Hill. Iwo akungobwereza zimene wanena wa pulezidenti, chifukwa ndi zimene zimaombetsa m'manja. Sindinamvepo wina akunena kuti: pamsika uno patsiku pamadulidwa matikiti angati, ndalamazo zimapita kuti, ndipo ndi zingati zimene zimabwerera kudzakonza chimbudzi ndi kuchotsa zinyalala. Chonsecho ili ndiye funso la khansala. Mayi wogulitsa masamba amalipira tikiti asanagulitse ngakhale mpukutu umodzi. Ndiye msonkho umene munthu wa kumudzi amauona ndi maso tsiku ndi tsiku, ndipo amene ali ndi mphamvu youtsatira ndi munthu amene tinamuchonga osamuyang'ana nkhope.

Ntchito zake ndi zazing'ono pozitchula koma ndi zimene zimatipweteka. Kamsewu kochokera kumunda kukafika pa tala si ka Roads Authority, ndi ka khonsolo. Kalavati imodzi ikakokoloka mu Febuluwale, galimoto za mavenda sizifika, ndipo kachewere timamutsitsa pa ngolo kapena pa njinga mpaka pamene galimoto yaima. Pofika apo venda wadziwa kale kuti sungabwerere naye kumtunda, mtengo amatchula ndi iye. Mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi, chipatala chaching'ono, mjigo, dibi la ng'ombe, malamulo a m'dera oletsa kulima m'mphepete mwa mtsinje kapena kukwatitsa ana, zonsezi zimadutsa m'khonsolo. Zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timati VDC, zimakwera ku ADC, kenako zimayenera kulowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Pakati pa ADC ndi khonsolo mlatho wake ndi khansala. Iye ndiye amakhala m'makomiti a zachuma, zamaphunziro, zaumoyo, zomangamanga, ndipo ndiye amavomereza bajeti. Mafumu athu aakulu amakhala nawo m'khonsolo, amalankhula, koma savota. Khansala akakhala wogona, kapena woti mapepala a bajeti akamupatsa amangoyang'ana tsamba lomaliza posayinira alawansi, zofuna za wodi yonse zimathera m'kabati.

Pena ndimawamvera chisoni. Khansala salandira malipiro enieni, amalandira kangachepe kongomuthokoza, ndi ngongole ya njinga yamoto. Koma ife tamusandutsa wogula mabokosi. Maliro akagwa, uthenga umafika kwa iye usanafike kwa ambuye ake a malemu. Akapanda kubweretsa thumba la ufa, ndiye kuti ndi wouma mtima, 2030 aiwale. Phungu amathawira ku Lilongwe, foni n'kuzimitsa, koma khansala timagona naye mudzi umodzi. Munthu wotere, wapanikizika ndi ngongole, kontilakitala akamuitanira kuseri, mukuti akana? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, ndipo tsopano kuli ofesi ya mlembi wa zipani yoyang'anira zimenezi. Koma lamulo lomwelo limalola ya thiransipoti ndi chakudya pamsonkhano, ndiye kuno aliyense amalandira ya thiransipoti, ngakhale amene nyumba yake yayang'anizana ndi bwalo.

M'khonsolo momwemo chipani sichiwasiya. M'makhonsolo a maboma wapampando amasankhidwa chaka ndi chaka, choncho kampeni siitha. Atangokhala pampando miyezi ingapo, anzake ayamba kale kuwerengerana mitu ya chaka chamawa. Timawerenga m'nyuzi momwemu za misonkhano yolephereka chifukwa mbali ina yatuluka, za makhansala onyengereredwa kuti asinthe mbali usiku wa chisankho cha wapampando. Pamene akuchita zimenezo, funso loti mjigo ukumbidwe m'mudzi uti limayankhidwa poyang'ana mmene mudziwo unavotera. Ndinamvapo wina akunena poyera kuti mudzi wakuti udikire kaye, unatichititsa manyazi pa bokosi. Ana a m'mudzi umenewo, amene amamwa madzi a pachitsime limodzi ndi ziweto, sanavotere aliyense.

Ena adzati yankho ndi kuvotera oima paokha. Ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Oima paokha ambiri ndi omwe aja anagwa pa chipulula, mtima uli kuchipani, ndipo akangopambana mumamva kuti agwira ntchito ndi boma, kutanthauza kuti abwerera kumene kuli mphika. Sindikunenanso kuti zipani zichoke m'mawodi. Popanda chipani, amene angakwanitse kampeni ndi mwini chigayo ndi mwini malole basi. Chipani chimatha kunyamula munthu wosauka koma wanzeru n'kumufikitsa pamene yekha sakanafika. Chimene ndikudandaula n'chakuti zipani zathu sizipikisana pa ukhansala. Zimapikisana pa upulezidenti, mawodi n'kumagawira okhulupirika ngati malipiro a kuvina. Chikanakhalapo chipani chimodzi chokha chobwera m'wodi n'kunena kuti ife munthu wathu ndi uyu, tamusankha pa zifukwa izi, ndipo pa msika, pa mijigo ndi pa milatho adzachita zakutizakuti, zinazo zikanakakamizika kutsanzira.

Chimene chandilembetsa kalatayi tsopano ndi ndalama zimene zikubwera. Mu Meyi 2025 khothi lalikulu, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumba la CDF ndi kuvota m'makhonsolo. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, sangakhale womanga mlatho n'kukhalanso wofufuza ngati mlathowo wamangidwa bwino. Aphungu sanakondwe nacho chigamulochi, ndipo n'zosadabwitsa. Pamwamba pa izo, chipani cha DPP chinalonjeza pa kampeni kuti dera la phungu lililonse lizilandira K5 biliyoni pachaka, pamene thumbali linali pa K200 miliyoni ndi kakuti. Ngati lonjezolo likwaniritsidwe ngakhale theka lokha, ndalama zimene zidzadutse pamaso pa makhansala n'zoti sanazionepo chibadwire. Palinso ndalama za pulojekiti ya GESD zochokera ku World Bank, zimene khonsolo imalandira molingana ndi mmene yakhozera pa kawuniwuni wa chaka ndi chaka. Khonsolo ikalephera kusunga bwino mabuku, anthu a boma lonse amamanidwa. Anthu amene tinawasankha osawayang'ana aja ndi amene akhale pakhomo pa nkhokwe imeneyi, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi ngongole ya ulemu kwa phungu amene khothi lamuuza kuti atalikire. Phungu akhoza kutuluka m'chipinda, koma ngati m'chipindamo mwatsala anyamata ake, chasintha n'chiyani?

Chisankho chinapita, sitingachibweze. Koma zaka zisanu ndi zambiri, ndipo pali zimene tingachite osadikira 2030. Msonkhano wa khonsolo yonse si wachinsinsi, munthu wamba ali ndi ufulu wokakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakhudzanso makhonsolo. Komiti ya msika ikhoza kulemba kalata yofunsa ndalama zimene zatoleredwa pa miyezi itatu. ADC ikhoza kuitana khansala kuti adzafotokoze zimene anakanena ku khonsolo ndi zimene anayankhidwa, osati kudzangotsegulira msonkhano ndi pemphero n'kuthamangira kwina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ife a kumudzi manyazi atichulukira, timaopa kuti tikafunsa atiyesa a chipani chotsutsa. Mafumu athu atithandize apa, pakuti mfumu ikaitanitsa msonkhano wotere palibe anganene kuti ndi wa chipani.

A zipani nawo ndiwapemphe chimodzi. Chipulula cha khansala chizichitika tsiku lake, osati kumapeto kwa cha phungu anthu atatopa, ndipo kuvota kuzikhala kwa pepala, mwachinsinsi, monga ena ayamba kuyesera pa maudindo akuluakulu. A NICE, amene amakonza mitsutso ya opikisana, asamathere pa aphungu. Mtsutso wa makhansala pansi pa mtengo, wofunsa mafunso akhale wapampando wa msika, wa komiti ya mjigo ndi mphunzitsi wamkulu, ungaulule zambiri kuposa misonkhano khumi ya magule. Ndipo zikachitika zisankho zachibwereza m'mawodi, paja makhansala amamwalira kapena kutula pansi, kumeneko kulibe pepala la pulezidenti lobisalirako. Tiyeni tikaoneko mmene zipani zimasankhira anthu awo.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi ili. Nkhani za makhonsolo zimatuluka kwambiri m'Chingerezi, ndipo zimatuluka pokhapokha DC akatsekeredwa ofesi kapena wina akamangidwa. Ife owerenga Chichewa ndi amene timakhala m'mawodimo. Tipatseniko tsamba limodzi pamwezi. Mutilembere khonsolo iliyonse yalandira zingati za CDF, za thumba la chitukuko cha boma lonse la DDF ndi za GESD, ntchito zimene zavomerezedwa ndi ziti, zili m'wodi iti, kontilakitala wake ndani, ndipo iyenera kutha liti. Tsamba lotero ife tidzalidula n'kulimata pa chitseko cha sukulu ndi pa shedi ya msika. Mukatumiza mtolankhani ku msonkhano wa khonsolo, atilemberenso maina a makhansala amene anafika, amene anajomba, ndi amene anafunsapo funso pa bajeti.

Ndine wanu,
Mlimi wa kachewere,
Ntcheu.